Kogona ndi RV m'gombe la Oregon: paki ya boma, nkhalango, doko, kampu ya bizinesi kapena pabwalo la eni ake?

Msewu wa US 101 umatsata gombe la Oregon, chigawo cha kumadzulo kwa dziko la America, kuchokera ku Astoria, pomwe mtsinje wa Columbia umathira m'nyanja ya Pacific, mpaka kupitirira Brookings kumalire ndi California. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 580, ndipo anthu ambiri amauyenda pa RV, galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini, filiji ndi chimbudzi m'kati momwemo. Amene akubwereka galimoto yotere koyamba ku Portland kapena ku Seattle amaganiza kuti poti nyumba akuyenda nayo, nkhani ya kogona yatha. Ayi ndithu. Lamulo la 1967, lomwe anasaina bwanamkubwa Tom McCall, linatsegulira anthu onse mchenga wa m'gombeli, koma mchengawo ndi woyendapo ndi kusewerapo. Chigalimoto cha mamita 8 chimafuna poima usiku pololedwa, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti malo otere amachita kulimbirana.

Tsiku la munthu wa pa RV limagawika patatu: pali zogula ndi zotaya, pali kudya, pali kusaka kogona. Zitatuzi zimakokana, koma kogona ndiye kumalamula zinazo. Mukagona kopanda magetsi ndi madzi, mawa lake m'mawa wonse uthera kusaka pothira madzi ndi pokhuthulira matanki. Mukagona pa doko m'tauni, chakudya chamadzulo mupita wapansi. Ndiye posankha malo, yambani mwayang'ana mageji a matanki ndi batire, zithunzi za nyanja zibwere pambuyo.

## Zoyenera kuyeza musanasankhe

Mtengo. Si ndalama ya usiku umodzi yokha. Oregon ilibe msonkho wa pa zogula m'sitolo, koma msonkho wa malo ogona ulipo, ndipo kubukitsa pa intaneti kumakhala ndi kandalama kake kapadera. Muwerengerenso mafuta: RV ya banja imayenda makilomita atatu kapena anayi pa lita, choncho malo otchipa amene ali kutali ndi msewu amatha kudula kuposa apafupi.

Kupezeka kwa malo. Nyengo ya anthu ambiri imayamba kumapeto kwa Meyi, pa tchuthi cha Memorial Day, mpaka Lolemba loyamba la Seputembala. Lachisanu ndi Loweruka ndi nkhani ina, Lachiwiri ndi nkhani inanso. Kutalika kwa galimoto kumachepetsa malo amene mungakwane: ya mafiti 25 imalowa pafupifupi paliponse, ya mafiti 35 imasankha.

Ntchito yake. RV imakhala ndi matanki atatu: la madzi abwino, lomwe pa galimoto yapakatikati limatenga malita pafupifupi 150, la madzi osambira ndi otsukira mbale, ndi la chimbudzi. Banja la anthu anayi losamba tsiku ndi tsiku limadzaza thanki la madzi otsukira m'masiku awiri kapena atatu. Malo ena amakupatsani magetsi, mpope ndi paipi ya zonyansa pomwe mwaimapo, ndipo pa zikwangwani amalemba kuti full hookup. Ena amapereka magetsi ndi madzi okha, zonyansa mukataye pa dump station potuluka. Ena sapereka kanthu.

Zoopsa ndi zokhumudwitsa. Mphepo, chinyontho, akuba pamalo oimika magalimoto, kugogodedwa ndi apolisi pakati pa usiku, ndiponso nyanja yeniyeniyo.

## Mapaki a boma la Oregon

Kwa ine awa ndiwo msana wa ulendo wonse, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Afalikira gombe lonse motalikirana bwino: Fort Stevens pafupi ndi Astoria, Nehalem Bay, Cape Lookout kufupi ndi Tillamook, Beverly Beach ndi South Beach mbali ziwiri za Newport, Jessie M. Honeyman kumwera kwa Florence, Sunset Bay kufupi ndi Coos Bay, Bullards Beach ku Bandon, Cape Blanco, Humbug Mountain, mpaka Harris Beach ku Brookings.

Mtengo. M'chilimwe malo a magetsi amakhala pakati pa madola 35 ndi 60 pa usiku, malinga ndi paki komanso zomwe malowo ali nazo. Kuyambira mu 2022, anthu osakhala mu Oregon amalipira 25 peresenti yoonjezera pa malo a RV. Mlendo wochokera ku Lilongwe kapena wachibale wokhala ku Washington ali m'gulu limeneli. Mabafa a madzi otentha ndi aulere kwa ogona pamalopo, ndipo imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa aliyense wosamba ku bafa la paki wapulumutsa thanki lanu.

Kupezeka. Kubukitsa kumatsegulidwa miyezi isanu ndi umodzi tsikulo lisanafike, ndipo malo abwino a kumapeto kwa sabata za Julayi amatha msanga kwambiri. Komabe musataye mtima ngati mwachedwa. Anthu amasintha maganizo tsiku ndi tsiku, malo amabwereranso pa intaneti, ndipo masiku ano mungabukitse ngakhale tsiku lomwelo. Usiku umodzi pakati pa sabata umapezeka kawirikawiri, makamaka ku mapaki akuluakulu monga Fort Stevens, komwe malo ogona amayandikira 500. Chovuta ndi kupeza mausiku anayi otsatizana pamalo amodzi. Mukaona malo otseguka m'mawa, tengani pomwepo, musati tikaone kaye kutsogoloku. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nthawi yolowera ndi 4 koloko madzulo, yotulukira ndi 1 koloko masana, ndipo simungapitirire mausiku 14 otsatizana pa paki imodzi.

Ntchito yake. Mapaki amasiyana, choncho werengani bwino musanalipire. South Beach ndi Nehalem Bay ali ndi magetsi ndi madzi koma opanda paipi ya zonyansa pamalo oimapo. Fort Stevens ndi Beverly Beach ali ndi malo ena okhala ndi zonse zitatu. Ambiri ali ndi pokhuthulira matanki, ndipo Lamlungu chakumasana pamakhala mzere wautali wa magalimoto otuluka. Ntchitoyi ili ndi dongosolo lake. Valani magolovesi, lumikizani paipi mwamphamvu mbali zonse ziwiri, tsegulani kaye thanki la chimbudzi, likatha mutseke, kenako mutsegule la madzi otsukira kuti sopo wake atsuke paipiyo. Mukaima pamalo okhala ndi paipi ya zonyansa, musasiye vavu ya thanki la chimbudzi yotsegula masiku onse. Madzi amapita, zolimba zimatsala ndi kuunjikana, ndipo zikauma mudzalira nazo. Lisiyeni lidzaze pafupifupi magawo awiri mwa atatu, kenako mukhuthule kamodzi.

Zochapira zovala mapaki ambiri alibe, sitolo yeniyeni alibenso. Nkhuni amagulitsa pomwepo, ndipo amalimbikitsa kugula zapamalopo kuopa kufalitsa tizilombo ta mitengo.

Zoopsa. Musayembekezere kuona nyanja pawindo. Malo ambiri ogona ali kuseri kwa milu ya mchenga kapena m'kati mwa mitengo, ndipo ndi bwino choncho, chifukwa mphepo ya kumpoto imawomba mwamphamvu masana a chilimwe. Ku Cape Blanco, komwe kuli nsanja younikira zombo ya 1870, mphepo imatha kuthyola chinsalu cha mthunzi cha pambali pa galimoto ngati mwachisiya chotambasula. Ku Fort Stevens kuli udzudzu wambiri kumayambiriro kwa chilimwe, ngakhale ana amaiwala zonsezo akaona mafupa a chombo cha Peter Iredale, chomwe chinatitimira mumchenga mu 1906. Mapaki angapo ali m'dera lomwe madzi a tsunami angafike. Chivomezi chachikulu chomaliza cha m'dera la Cascadia chinachitika pa 26 Januwale 1700, ndipo akatswiri amati china chidzabwera. Mukangofika, fufuzani zikwangwani zabuluu zosonyeza njira yothawira. Ku South Beach njirayo imapita pa kaphiri ka Safe Haven Hill. Nthaka ikagwedezeka mumathawa wapansi, galimoto mumaisiya.

## Makampu a m'nkhalango ya Siuslaw

Awa ndi a boma lalikulu la America, pansi pa nthambi ya zankhalango. Ali pakati pa gombe: Tillicum Beach pakati pa Waldport ndi Yachats, Cape Perpetua, Rock Creek, Alder Dune, Sutton, ndi ena angapo m'dera la milu ya mchenga ya Oregon Dunes, yomwe yatambalala makilomita oposa 60 kuchokera ku Florence mpaka kufupi ndi Coos Bay.

Mtengo. Otsika kuposa mapaki a boma la Oregon, kawirikawiri pafupi ndi madola 30, ndipo palibe zolipiritsa mlendo mwapadera. Nzika za America ndi okhala m'dzikomo mokhazikika a zaka 62 kupita m'tsogolo amene ali ndi chiphaso cha okalamba amalipira theka. Wobwera ndi viza yoyendera sizimukhudza.

Kupezeka. Mumabukitsa pa Recreation.gov, nakonso miyezi isanu ndi umodzi isanakwane. Tillicum Beach ili pamwamba pa kagomo koyang'anizana ndi nyanja, ndiye malo ake akutsogolo amatha ngati a paki iliyonse yotchuka. Makampu a m'kati mwa mitengo amakhala ndi mpata kawirikawiri. Ena amatsekedwa nyengo yozizira. Malo ake ndi aafupi ndipo timisewu take ndi tokhotakhota, kotero RV yaitali ivutika.

Ntchito yake. Apa mumadzidalira. Malo ochepa okha ndi amene ali ndi magetsi, mabafa kulibe m'makampu ambiri, pokhuthulira matanki nkosowa. Mufike thanki la madzi lili lodzaza, ena awiriwo ali opanda kanthu. Chimene chimadabwitsa ambiri ndi batire. Usiku wa m'gombeli umazizira ngakhale mu Ogasiti, ndipo chotenthetsera m'galimoto chimayaka ndi gasi koma fani yake imadya batire. Mukachisiya usiku wonse, m'mawa pampu ya madzi ikhoza kukana kulira. Bulangete lachiwiri ndi lotchipa kuposa jenereta, yomwenso saloleza kuiliza usiku. Sola pansi pa mitengo italiitali ndi chifunga sithandiza kwenikweni.

Zoopsa. Netiweki ya foni imasowa m'zigwa monga ku Cape Perpetua, choncho kogona kwa mawa mukonzeretu musanalowe. Chinyontho chimadzaza mawindo ndi pansi pa matiresi ngati simusiya kabowo kotulutsira mpweya. Chakudya chikagona panja, tinyama ta usiku tikuthandizani kudya.

## Malo a madoko ndi a maboma aang'ono

Njira imeneyi anthu ambiri obwera koyamba saidziwa, ndipo ndi imene ndimaikonda pa tsiku la zogula. Madoko a asodzi ali ndi malo awoawo oimika ma RV. Port of Newport ili nawo ku South Beach, kunsi kwa mlatho wa Yaquina Bay wa 1936, pafupi ndi Oregon Coast Aquarium. Port of Siuslaw ili m'mphepete mwa mtsinje ku Florence, mphindi zochepa wapansi kukafika ku malesitilanti a Old Town. Kulinso Salmon Harbor ku Winchester Bay, doko la Charleston, ndi doko la Brookings. Boma laling'ono la Tillamook lili ndi Barview Jetty pafupi ndi Garibaldi.

Mtengo. Malo a full hookup amayandikira mitengo ya makampu a bizinesi, koma madoko ena, monga Newport ndi Salmon Harbor, ali ndi bwalo loimikapo popanda magetsi kapena madzi pa mtengo wotsika kwambiri.

Kupezeka. Mabwalo opanda magetsi aja ndiwo amapulumutsa munthu wofika mochedwa. Koma nyengo ya nsomba za salmon ndi tuna, kuyambira Julayi mpaka Seputembala, asodzi amadzaza malo ndi mabwato awo, ena kwa mwezi wathunthu. Imbani foni m'mawa.

Ntchito yake. Kwa inu ndi yochepa. Zochapira zovala, mabafa ndi pokonzera nsomba zimakhala pomwepo kawirikawiri. Chachikulu nchakuti galimoto simuisunthanso mpaka mawa.

Zoopsa. Kukongola kulibe. Ndi phula kapena miyala, magalimoto ali phewa ndi phewa. Mainjini a mabwato amayamba kulira kusanache, lipenga lochenjeza zombo pa chifunga limalira usiku wonse m'madoko ena, ndipo ku Newport nyama zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa sea lion zimauwa osapuma. Wogona tulo topepuka atenge zotsekera m'makutu. Madoko onse ali pansi penipeni, m'njira ya tsunami.

## Makampu a bizinesi

Pali kampu yaikulu ya kampani ya KOA moyang'anizana ndi Fort Stevens, pali makampu a Thousand Trails ku Seaside, Pacific City, kufupi ndi Newport ndi ku Florence, ndipo pali ena ambirimbiri a mabanja m'mbali mwa 101.

Mtengo. Odula kuposa onse. M'chilimwe madola 60 mpaka 100 ndi chizolowezi, ndipo oyang'ana nyanja amaposa pamenepo. Ena amaonjezera ndalama pa munthu wachitatu, pa galu, kapena pa kusankha malo enieni. Umembala wa pachaka umapindulira munthu wokhala pamsewu miyezi, osati wa sabata imodzi.

Kupezeka. Poti ndi odula, ndiwo amatsala ndi malo ena onse atadzaza. Pa maholide monga 4 Julayi amafuna mausiku awiri kapena atatu. Ena amakana magalimoto opitirira zaka khumi pokhapokha mutatumiza chithunzi, zomwe zingakukhudzeni ngati mwabwereka RV yakale kwa munthu wamba kudzera pa mawebusaiti a Outdoorsy kapena RVshare.

Ntchito yake. Zonse pamalo amodzi: magetsi a maampu 30 kapena 50, madzi, paipi ya zonyansa, makina ochapira, nthawi zina ngakhale gasi. Onetsetsani kuti pulagi ya galimoto yanu ikugwirizana ndi ya pamalopo kapena muli ndi adaputa. Intaneti yawo musaidalire madzulo aliyense akalumikiza.

Zoopsa. Malamulo obweza ndalama mukasintha ulendo ndi okhwima. Zithunzi zimaonetsa mzere wakutsogolo, inu nkupatsidwa wachisanu, kuseri kwa bafa, msewu wa 101 ukulira kumutu. Funsani nambala ya malo musanalipire.

## Kugona pabwalo la eni ake

Apa ndikuphatikiza Harvest Hosts, makasino, mabwalo a masitolo ndi malo opumira a pamsewu.

Mtengo. Amati ndi zaulere, koma onani bwino. Harvest Hosts ndi umembala wa madola pafupifupi 100 pachaka, womwe umakulolani kugona usiku umodzi pa mafamu, mopangira vinyo ndi malo ngati amenewo, ndipo mwaulemu mumayenera kugulako kanthu kwa mwini malo. Ku Tillamook, Blue Heron French Cheese Company ndi yodziwika polandira ma RV pabwalo lake. Makasino a mafuko a eni nthaka, monga Three Rivers ku Florence, akhala akulola ma RV kugona, koma malamulo awo amasinthasintha, ndipo wolowa m'kati kuti akangoona akhoza kulipira usikuwo kuposa hotela.

Kupezeka. M'gombe la Oregon njira imeneyi ndi yopapatiza kuposa mmene makanema a pa YouTube amaonetsera. Matauni ambiri ali ndi malamulo oletsa kugona m'galimoto pamsewu kapena pabwalo la sitolo, choncho mbiri yakuti pa masitolo a Walmart pamagonedwa musaitenge ngati lamulo. Funsani manijala. Malo opumira a nthambi ya zamisewu amalola maola 12, koma m'mbali mwa 101 ndi ochepa, ndipo malo ambiri okongola oimapo ndi a mapaki, otsekedwa usiku.

Ntchito yake. Palibe madzi, palibe magetsi, palibe potaya. Simutulutsa mipando kapena mbaula. Filiji ya gasi imafuna galimoto yoima mowongoka, ndiye yang'anani pamalo osapendekeka.

Zoopsa. Chindapusa, kudzutsidwa 2 koloko usiku, phokoso la mathiraki. Ndi ana aang'ono sindingalimbikitse, kupatula pa famu pomwe mwini wake akukuyembekezerani.

## Zogula ndi chakudya zimalowa pati?

Pakati pa 1 koloko yotulukira ndi 4 koloko yolowera pali maola atatu amene mulibe kwanu. Imeneyo ndiyo nthawi ya zogula. Masitolo a Fred Meyer ali ku Warrenton, Tillamook, Newport, Florence, Coos Bay ndi Brookings, ndipo mabwalo ake ndi aakulu mokwanira RV mukaima kumapeto. Ku Warrenton kulinso Costco. Kumwera kwa Bandon matauni ndi ang'onoang'ono ndi otalikirana, ndiye gulani zambiri ku Coos Bay. Kuyambira mu 2023 mukhoza kudzithirira nokha mafuta mu Oregon. Musanalowe pa filing'i siteshoni, yang'anani kutalika kwa denga ndi potulukira, ndipo zimitsani filiji ya gasi ndi chilichonse choyaka moto. Thanki la gasi la RV yokhala ndi injini yakeyake ndi lomangirira ku galimoto, silisinthanitsidwa ngati silinda ya kunyumba, choncho mufunika malo othira gasi, ndipo ambiri amatseka 5 koloko kapena wothirayo amakhala kulibe Lamlungu. Kochapira zovala tengani makobidi a masenti 25 odzaza dzanja. Mabotolo ndi zitini za zakumwa musataye, zambiri mwa izo zimabweza masenti 10 chimodzi.

Pa kudya, langizo langa ndi lakuti ku lesitilanti mupite masana, madzulo muphike. Zifukwa zake ndi zitatu ndipo zonse ndi za galimoto. Mukaima pa kampu nkulumikiza mapaipi ndi chingwe cha magetsi, kupita kukadya kutauni ndiye kuti mumasule zonse, mubwerere mumdima, muimike chobwerera m'mbuyo pakati pa mitengo anzanu atagona. Chachiwiri, malesitilanti a m'matauni ang'onoang'ono amatseka msanga, ena 8 koloko. Chachitatu, malo odyera abwino ali m'timisewu topapatiza. Ku Bayfront ya ku Newport, komwe Mohava Niemi anayambitsa lesitilanti ya Mo's mu 1946, supu yawo ya nkhono za m'nyanja ndi yotchuka gombe lonse, koma kulowa kumeneko ndi galimoto ya mamita 9 masana a Loweruka ndi kudzizunza. Imikani kumtunda mutsike wapansi. Tillamook Creamery, ya alimi a ng'ombe amene anagwirizana mu 1909, ili ndi malo oimika ma RV, ndipo tchizi ndi ayisikilimu zimakhala nkhomaliro ya ana popanda wodandaula. Pa bilu ya lesitilanti yokhala pansi muonjezere 15 mpaka 20 peresenti ya woperekera zakudya. Banja la anthu anayi likadya nsomba ndi tchipisi, madola 100 sachedwa kukwana.

Njira yapakati, yomwe kwa ife odya nsima ndi yabwino koposa, ndi kugula nsomba yaiwisi pa doko. M'miyezi ya Julayi mpaka Seputembala asodzi amagulitsa tuna ya albacore m'mabwato momwemo ku Garibaldi, Newport, Winchester Bay ndi Charleston, ndipo amakudulirani mukalipira pang'ono. Nkhanu za Dungeness zimagulitsidwa zophikaphika m'timisika ta nsomba. Ufa woyera mugulire ku masitolo a zakudya za ku Africa ku Portland musananyamuke, chifukwa wa m'masitolo a m'gombe ndi wokhakhala. Mbaula ya m'galimoto imaphika nsima bwinobwino, koma mpoto wake ndi mdani wa thanki. Palani makoko onse muwataye m'bini, pukutani ndi pepala, kenako mutsuke ndi madzi ochepa. Nsomba muikazingire panja, apo ayi makatani ndi matiresi zidzanunkha mpaka tsiku lobweza galimoto. Wofuna kudzigwirira nkhanu kapena kukumba nkhono afunika laisensi, ndipo ayambe waona ngati boma silinatseke gombelo chifukwa cha poizoni wa m'nyanja yemwe amalowa m'nkhonozo nyengo zina.

Mawu awiri okhudza msewu ndi madzi. Wozolowera kuyendetsa kumanzere ayambe wazungulira pabwalo lopanda anthu, chifukwa 101 ndi wopapatiza ndi wokhota pakati pa Yachats ndi Florence, ndipo magalimoto akaunjikana kumbuyo kwanu muyenera kupatukira pamalo opatukira kuti adutse. Nyengo ya mvula, nthaka imagumuka kumwera kwa Port Orford mpaka kutseka msewu. Ndipo amene anakulira kusambira ku Mangochi adziwe kuti madzi a kuno amakhala pafupi ndi madigiri 12 ngakhale m'chilimwe, ndipo pamabwera mafunde adzidzidzi amene amakwera mtunda wautali ndi kugubuduza zipika zomwe ana amakonda kukwerapo.

## Njira iti kwa ndani

Banja lokhala ndi ana, lobwereka RV sabata imodzi mu Julayi, libukitse mapaki a boma mu Januwale, mausiku awiri pa paki iliyonse, ndipo liike usiku umodzi pa kampu ya bizinesi kapena pa doko pakati pa ulendo kuti lichape ndi kukhuthula matanki mosathamanga.

Anthu awiri pa kagalimoto kakang'ono, ofuna bata ndi kusunga ndalama, asinthanitse: mausiku awiri m'nkhalango ya Siuslaw, wachitatu pa paki ya magetsi kuti batire lidzaze ndipo asambe madzi otentha.

Ngati cholinga ndi kudya nsomba, kumwako pang'ono madzulo ndi kuyenda m'tauni, gonani pa doko la Florence kapena la Newport, galimoto ikhale pomwepo.

Wa RV yopitirira mafiti 35, kapena woyenda ndi agogo ofuna makina opumira usiku kapena mankhwala a mufiliji, asachite masewera ndi magetsi. Kampu ya bizinesi kapena malo a full hookup obukitsidwa kale, basi.

Amene mwanyamuka osabukitsa pakati pa chilimwe, yambani kusaka m'mawa muli ndi netiweki: mapaki a boma pa intaneti poyamba, kenako foni ku madoko, kenako makampu a bizinesi. Ikafika 2 koloko musanapeze, lipirani malo odulawo kapena lowani kumtunda potsata mtsinje, monga msewu wa 126 kuchokera ku Florence kapena wa 34 kuchokera ku Waldport, komwe makampu sadzaza msanga ngati a m'gombe.

Oyenda pakati pa Okutobala ndi Epulo ali ndi mwayi wosankha pafupifupi paki iliyonse yotsegula, kupatula pa maholide. Iwowa atenge malo a magetsi nthawi zonse chifukwa cha kuzizira ndi chinyontho, apewe kuima pansi pa mitengo ikuluikulu kukalengezedwa mkuntho, ndipo aone za msewu pa TripCheck, webusaiti ya nthambi ya zamisewu ya Oregon, asananyamuke m'mawa.